Mwana akupita ku Tromsø, kumpoto kwa Norway: kodi kuzizira kwa kumeneko akakupirira?

Mayi wina wa ku Dedza watilembera motere: "Mwana wanga wamkazi wapeza mwayi wokapitiriza maphunziro a zausodzi ku yunivesite ya mumzinda wa Tromsø, kumpoto kwa Norway, ndipo anyamuka mu Ogasiti. Ndasangalala, koma mtima suli m'malo. Mng'ono wake wandionetsa pafoni kuti malowa ali kumtunda kwenikweni kwa mapu, kufupi ndi North Pole. Akuti kumadera amenewo kuzizira kumafika -89°C, dzuwa limatha miyezi osatuluka, komanso ayezi akusungunuka moti mizinda ya m'mphepete mwa nyanja idzamira. Mwanayu ngakhale chisanu cha kuno cha mu Juni chimamusautsa. Kodi munthu wobadwira kuno angakhale kumalo otere? Ndimukonzere chiyani?"

Amayi, mtima pansi. Mwana wanu akupita mumzinda wa anthu oposa 70,000, wokhala ndi mabasi, masitolo, matchalitchi, chipatala chachikulu, ndiponso yunivesite imene yakhala ikuphunzitsa kuyambira 1972 ndipo imalandira ophunzira ochokera kuno ku Africa. Kumeneko ana amabadwa, amapita kusukulu wapansi m'nyengo yozizira, mpaka kukalamba ali konko. Ine ntchito yanga ndi ya zanyengo, ndipo mbali ina ya maphunziro anga ndinaichitira kumpoto komweko, choncho zina zimene ndikuuzeni n'zowerenga, zina ndinazimva m'thupi. Zimene mng'ono wake wakuonetsani si zabodza, koma zasakanikirana. Nambala ya -89°C ija ndi ya malo ena, kutali zedi ndi kumene mwana wanu akupita. Za mdima n'zoona, ndipo ndikufuna muziganizire kuposa kuzizira.

Tiyambe ndi chimene chimazizilitsa kumathero a dziko lapansi. Anthu ambiri amaganiza kuti kumeneko kunatalikirana ndi dzuwa, koma nkhani yagona pa mmene dzuwalo limawombera pansi. Kuno masana limafika paliwombo, mphamvu yake yonse n'kugwera pamalo ochepa. Mukamalowera kumpoto kapena kum'mwera limayamba kuwomba cham'mbali, ndipo kutentha komweko kumamwazikana pamalo aakulu. Ku Tromsø, pa 21 Juni, tsiku limene dzuwa limakwera kwambiri chaka chonse, limangokwera madigiri 44 kuchokera pansi, osakwana ngakhale theka la ulendo wopita paliwombo, pomwe ndi pa madigiri 90. Ku Dedza mwezi womwewo, pamene inu mumati dzuwa lafooka ndipo mumaothera pakhonde mutafunda, masana limakhala litakwera madigiri 52. Ndiye kuti dzuwa la chilimwe chawo ndi lotsika kuposa la chisanu chanu. Pa North Pole penipeni silipitirira madigiri 23.4.

Nambala ya 23.4 imeneyi ndi imenenso imabweretsa mdima. Dziko lapansi limazungulira dzuwa lili chopendekeka ndi madigiri amenewo. Mu Juni mbali ya kumpoto imaweramira kudzuwa, mu Disembala imalifulatira. Ife tili pafupi ndi ikweta, n'chifukwa chake usana wathu umangosintha pakati pa maola 11 ndi 13. Koma pali mzere wa pamapu wotchedwa Arctic Circle, pa madigiri 66.5 kumpoto, umene ukaudutsa pamakhala masiku ena amene dzuwa silituluka n'komwe, ndi ena amene silimalowa. Tromsø ali makilomita pafupifupi 350 kumpoto kwa mzere umenewu. Kuyambira chakumapeto kwa Novembala mpaka pakati pa Januwale dzuwa silituluka, ndipo chifukwa cha mapiri a kum'mwera kwa mzindawo, anthu amadzalionanso cha pa 21 Januwale. Tsikulo amalikondwerera, ana asukulu n'kudya timabanzi totsekemera. Kuyambira cha pa 20 Meyi mpaka cha pa 22 Julayi zimatembenuka: pakati pa usiku dzuwa limakhala likuwala. Musaganize kuti mdima wa mu Disembalawo ndi wa ndiweyani usana ndi usiku. Chakumasana kumayera kwa maola angapo ngati m'bandakucha, ndipo chipale chofewa chimene chimakuta pansi chimawonjezera kuwalako.

Chipale chomwecho chimawonjezeranso kuzizira. Mukudziwa kusiyana kwa malaya oyera ndi akuda padzuwa la mu Okutobala. Chipale chongogwa kumene chimabweza kumwamba magawo 80 mpaka 90 pa 100 aliwonse a kuwala kwa dzuwa, pamene madzi a m'nyanja, poti ndi oderapo, amameza pafupifupi konse. Ndiye kadzuwa kofooka kaja kakafika, kambiri kamabwerera kosatenthetsa kanthu. M'miyezi ya mdima nthaka imangotaya kutentha osalandira kwina, ndipo mpweya wozizira suusunga chinyezi chokwanira kutchinga kutenthako kuti kusathawe.

Tsopano za -89°C zija. Nambala yeniyeni ndi -89.2°C, ndipo inayezedwa pa 21 Julayi 1983 pamalo ofufuzira a Vostok, amene anakhazikitsidwa ndi dziko la Soviet Union pakatikati pa Antarctica. Kumeneko ndi kum'mwera kwenikweni kwa dziko, kupitirira South Africa. Kunena zoona, inu muli ku Dedza muli pafupi ndi Vostok kuposa mmene mwana wanu adzakhalire ali ku Tromsø. Mathero awiri a dziko lapansi safanana ngakhale pang'ono. Antarctica ndi mtunda waukulu wozunguliridwa ndi nyanja, ndipo pamwamba pake paunjikana ayezi wochindikala pafupifupi makilomita 2, malo ena kupitirira makilomita 4. Munthu akaima pa South Pole amakhala ali mamita 2,835 pamwamba pa nyanja, kungotsala pang'ono kufanana ndi nsonga ya Sapitwa paphiri la Mulanje, yomwe ili pa mamita 3,002. Vostok ali pamwamba kuposa pamenepo, pafupifupi mamita 3,500. Mpweya umazizira ndi madigiri 6.5 pa mamita 1,000 aliwonse amene mwakwera, chifukwa chomwe Dedza amazizira kuposa Salima. Onjezaninso kuti kuzungulira Antarctica yense kumayenda mtsinje wamphamvu wa m'nyanja umene umatchinga madzi ofunda kuti asayandikire. Zonsezi zikaphatikizana, pa South Pole kutentha kwa chaka chonse kumakhala cha m'ma -49°C, ndipo tsiku lofunda kwambiri limene linayezedwapo, pa Khirisimasi ya 2011, linangofika -12.3°C. Ku Antarctica kulibe mudzi wa eni nthaka. Kumangopita ofufuza ndi owathandiza, ena mwa iwo amanyamukira pa doko la Cape Town.

Kumpoto zinthu n'zosiyana. North Pole ili pakati pa nyanja, ndipo mtunda ndiwo wazungulira. Ayezi wa pamenepo ndi woyandama, wochindikala mamita ochepa chabe, ndipo pansi pake pali madzi amchere amene sazizira kupitirira -1.8°C osaundana. Madziwo amatulutsa kutentha pang'onopang'ono kudzera mu ayeziyo. N'chifukwa chake malo ozizira kwambiri a kumpoto sali pa North Pole, koma pamtunda, kutali ndi nyanja. Pamwamba pa ayezi wa ku Greenland anayeza -69.6°C mu 1991. M'tauni ya Verkhoyansk ku Siberia anayeza -67.8°C mu 1892, ndipo tauni yomweyo inatentha mpaka 38°C mu Juni 2020.

Ndatchula Verkhoyansk dala, chifukwa pamapu tauniyi ili kum'mwera pang'ono poyerekeza ndi Tromsø. Ukangoyang'ana mapu ungati Tromsø ndiye wozizira kwambiri, koma sizili choncho ngakhale pang'ono. Kuzizira koopsa kumene kunayezedwapo mumzinda wa Tromsø ndi -18.4°C, mu 1966, ndipo masiku wamba a mu Januwale amakhala cha m'ma -4°C. Amene amauteteza mzindawu ndi madzi. Mu nyanja ya Atlantic muli mtsinje wa madzi ofunda, Gulf Stream, umene umachokera kufupi ndi Mexico ndi Florida, ndipo nthambi yake imakwera m'mbali mwa gombe lonse la Norway. Madzi amachedwa kutentha, amachedwanso kuzizira, choncho nyengo yonse ya mdima nyanjayo imafunditsa mphepo yowomba kugombe, ndipo doko la Tromsø siliundana chaka chonse. Kuti muone mphamvu ya nyanjayo, pali tauni ina m'dziko lomwelo yotchedwa Karasjok, imene pamapu ili pamzere umodzi ndi Tromsø koma ili mkati mwa mtunda. Kumeneko anayeza -51.4°C mu 1886, ndipo mpaka lero palibe malo ena mu Norway amene anazizirapo kuposa pamenepo. Ndiye mwana wanu akadzaitanidwa ndi anzake kukacheza mkati mwa dera la Finnmark, kumene kuli Karasjok, mu Januwale, adziwe kuti akupita kunyengo ina, ndipo zovala zokwanira ku Tromsø zikhoza kuchepa.

Akafika mu Ogasiti adzapeza kuli kobiriwira, kutentha kuli cha m'ma 10°C mpaka 15°C, kofanana ndi m'mawa wa mu Juni kwanuko, ndipo usiku uli wofupika kwambiri. Ndi nthawi yabwino yofikira, chifukwa thupi limazolowera kuzizira kukubwera pang'onopang'ono. Kuyambira pamenepo sabata iliyonse usana umafupika ndi ola limodzi kapena kuposerapo. Chipale chimayamba kugwa cha mu Okutobala ndipo nthawi zambiri chimakhala pansi mpaka Meyi. Tromsø ndi wotchuka ndi kuchuluka kwa chipalecho kuposa kuzizira kwake: mu Epulo 1997 chinaunjikana mpaka masentimita 240.

Pa zaka zimene ndakhala pa ntchitoyi ndaona kuti anthu amakonda kufunsa nambala ya pachoyezera kutentha, pomwe chimene chimapweteka munthu ndi mphepo ndi kunyowa. Thupi limafunditsa kampweya kamene kali pakhungu, ndipo mphepo imakachotsa. Kunja kukakhala -10°C, mphepo n'kumathamanga makilomita 30 pa ola, khungu limataya kutentha ngati kuli -20°C. Madzi ndiye amaposa pamenepo, chifukwa amachotsa kutentha m'thupi mwachangu kuwirikiza pafupifupi ka 25 kuposa mpweya. Tsiku la 1°C lokhala ndi mvula yosakanikirana ndi chipale, mphepo ikuchokera kunyanja, ndi loopsa kwa munthu wovala molakwika kuposa tsiku la -12°C labata ndi louma. M'mbali mwa gombe limenelo nyengo imasinthanso mwadzidzidzi. Mwana wanu azolowere kuona zanyengo m'mawa uliwonse pa Yr, tsamba limene a zanyengo a m'dzikolo amaikapo zolosera zawo, ndipo aziyang'ana mphepo, osati madigiri okha.

Pa zovala, ndikupempheni kuti musawononge ndalama zambiri kuno. Majekete ambiri a pakaunjika amaoneka onenepa koma amalowa mphepo ndi madzi. Mugulireni juzi ziwiri zabwino, jekete yoti afikire, ndipo ndalama zotsalazo akagulire konko, kumene kulinso masitolo a zovala zovalidwapo kale pamtengo wotsika. Anthu a kumeneko amavala mosanjikiza. Pakhungu penipeni amavala malaya ndi thalauza zopyapyala zothina za ubweya wa nkhosa, chifukwa ubweya umafundabe ngakhale utanyowa ndi thukuta. Za thonje zimamwa thukuta n'kumazizilitsa thupi, choncho zisakhale pakhungu akamatuluka. Pamwamba pake pamabwera juzi, kenako jekete yotchinga mphepo ndi madzi. Ubwino wa kusanjikiza ndi wakuti akalowa m'basi kapena m'kalasi, momwe mumafunda, amavulako china asanachite thukuta. Nsapato zikhale jombo zosalowa madzi, zokulirapo pang'ono kuti masokosi a ubweya akwane popanda kufinya zala, pakuti nsapato yothina imaletsa magazi kuyenda ndipo phazi limazizira msanga. Chipewa chiphimbe makutu. Magolovesi osagawa zala amafunda kuposa ogawa. Asatuluke panja tsitsi lili lonyowa, makamaka ngati analuka, poti limachedwa kuuma. Mpweya wa m'nyumba zofunditsidwa ndi wouma kwambiri, khungu limatuwa ndi kung'aluka, ndiye mafuta odzola asamamuthere.

Ngozi imene ndinaiona kawirikawiri pakati pa alendo inali kugwa. Chipale chikasungunuka masana n'kuundananso usiku, msewu umaterera koopsa, ndipo anthu amathyoka mikono ndi akakolo. Kuli timinga tachitsulo tomangirira kunsi kwa nsapato, totchipa, ndipo eni dziko, ngakhale achinyamata, amativala. Atigule chipale chisanayambe. Agulenso tizinthu tonyezimira tomangirira pamkono kapena pachikwama kuti oyendetsa galimoto azimuona mumdima.

Pali mavuto awiri a kuzizira amene ayenera kuwadziwa asananyamuke. Loyamba ndi kuundana kwa khungu, kumene kumagwira zala, mphuno, makutu ndi masaya. Pamalopo pamayamba kuwawa ngati pakubayidwa, kenako pamachita dzanzi, n'kutuwa ndi kulimba. Pakhungu lakuda kusintha kwa mtunduku kumavuta kukuona, choncho adalire dzanzilo: chala chimene chinkawawa chikangosiya kumva kanthu, alowe m'nyumba. Afunditse ndi thupi lake, monga kuika zala m'khwapa, kapena m'madzi ofunda a 37°C mpaka 39°C. Asatikite, asaike pamoto kapena pahita, chifukwa khungu ladzanzi limapsa mwini wake osamva. Pakatuluka matuza, kapena dzanzi likapanda kutha atafunda, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Vuto lachiwiri ndi lalikulu: kuzizira kwa thupi lonse, pamene kutentha kwa mkati kwatsika kuchoka pa 37°C kufika pansi pa 35°C. Munthu amanjenjemera kwambiri, amadzandira, amalankhula mosamveka ngati woledzera, ndipo amafuna kugona. Kunjenjemera kukasiya munthuyo akadali wozizira ndi wosokonezeka, zafika poipa. Amuvule zonyowa, amufunditse, ndipo aimbe 113, nambala ya ambulansi ku Norway. Pa matenda ofuna dokotala msanga koma osaika moyo pachiswe, nambala yake ndi 116 117. Zonse ziwiri azisunge mufoni tsiku lofika.

M'nyumba musade nazo nkhawa. Zipinda za ophunzira zimafunditsidwa usana ndi usiku ndipo munthu amakhalamo atavala malaya wamba. Koma mumuchenjeze ndi mawu amphamvu kuti asayerekeze kuyatsa makala kapena chophikira chapanja m'chipinda chotseka, ngakhale magetsi atazima. Nyumba za kumeneko n'zomatidwa kuti mpweya usalowe, ndipo utsi wosaoneka wa makala umapha munthu ali m'tulo, monga mmene mbaula imaphera anthu kuno m'miyezi ya chisanu. Mowa nawo ndi wonyenga. Umatsegula mitsempha ya pakhungu, munthu n'kumamva kufunda pamene thupi likutaya kutentha. Munthu woledzera akakhala pansi panja usiku wa chipale akhoza osadzukanso, ndipo mnzake wotere sasiyidwa yekha panjira.

Ndibwerere ku mdima, chifukwa ndi umene umagwetsa ulesi ndi mphwayi anthu ambiri ochokera kumadera athu. Thupi la munthu limadziwa nthawi yogona ndi yodzuka potsatira kuwala. Mwana wanu wakula dzuwa likutuluka cha m'ma 5 kapena 6 koloko tsiku lililonse la moyo wake. Mu Disembala adzadzuka kuli mdima, adzalowa m'kalasi kuli mdima, pofika 2 koloko masana kwadanso. Ambiri amasowa tulo usiku n'kumaodzera masana, amalakalaka zotsekemera, ndipo amafooka. Izi zimachitikiranso eni dziko, ndipo kwa ambiri zimatha dzuwa likabwerera. Chimene chimathandiza kwambiri ndi kusunga nthawi: kudzuka ola lomwelo tsiku lililonse ngakhale Loweruka, kuyatsa magetsi owala akangodzuka, ndi kutuluka panja chakumasana pamene kwayera, ngakhale kwa theka la ola. Kuli nyale zapadera zowala kwambiri zimene anthu amakhala patsogolo pake m'mawa, ndipo ena zimawathandiza. Koma choopsa chenicheni chimene ndinachiona ndi kudzitsekera. Wophunzira wochokera kutali amaopa kuzizira, amasiya kutuluka, amasiya kupita kutchalitchi ndi kokumana ndi anzake, ndipo pofika Januwale amakhala atalowa m'matenda a maganizo. Eni dziko sathawa nyengo ya mdima. Amayenda m'mapiri a pafupi atavala tochi pamutu, amayatsa makandulo m'mawindo, amaitanirana khofi, amatuluka usiku kukaona kuwala kobiriwira kumene kumayendayenda kumwamba. Mwana wanu akaitanidwa azipita. Mu Juni vuto limatembenuka, tulo timasowa chifukwa kunja kukuwala, ndipo mankhwala ake ndi makatani ochindikala.

Dzuwa lilinso ndi ntchito ina m'thupi: khungu limapanga vitamini D likawombedwa nalo. Kumpoto kumeneko, kuyambira cha mu Okutobala mpaka Malichi, dzuwa limakhala lotsika kwambiri moti khungu silipanga kanthu, ndipo khungu lakuda limafuna dzuwa lochuluka kuposa loyera kuti lipange mlingo womwewo. Vitamini ameneyu akachepa munthu amamva kutopa ndi kuphwanya kwa mafupa ndi minofu. Anthu a ku Norway amamwa mafuta a chiwindi cha nsomba, amene amawatcha tran, kapena mapiritsi, komanso amadya nsomba zamafuta monga salmon ndi mackerel. Akangofika afunse kogulitsira mankhwala kapena kwa dokotala za mlingo woyenera, ndipo ayambe kumwa mdima usanafike.

Mwanena kuti chisanu cha mu Juni chimamusautsa. Ndikufuna mudzifunse kuti chimamusautsa motani. Ngati n'kungodana ndi kuzizira, zovala zabwino zithetsa nkhaniyo. Koma ngati amabanika kapena kutsokomola usiku kukazizira, akayezetse mphumu asananyamuke, chifukwa mpweya wozizira ndi wouma umaidzutsa. Ngati amamva ululu woopsa m'mafupa, amachepa magazi kawirikawiri, kapena m'banja mwanu muli matenda a sickle cell, kuyezetsa n'kofunika kwambiri, poti kuzizira kumayambitsa ululu wa matendawa. Ngati zala zake zimatuwa ndi kuchita dzanzi akangogwira madzi ozizira, auzenso dokotala. Palibe pa zimenezi chomuletsa ulendo, koma apite ndi kalata ya dokotala ya m'Chingerezi ndi mankhwala okwanira miyezi yoyamba.

Za kusungunuka kwa ayezi, mng'ono wake wanena zoona, ndipo ndi nkhani imene imandidetsa nkhawa ine amene. Kuyambira 1979, pamene masetilaiti anayamba kuyeza mosadukiza, dera la Arctic lakhala likutentha mofulumira pafupifupi kanayi kuposa dziko lonse, malinga ndi kafukufuku wa akatswiri a ku Finland wa mu 2022. Chifukwa chachikulu ndi chija ndafotokoza kale: ayezi woyera akasungunuka pamatsala madzi oderapo, madziwo amameza kutentha, ndipo ayezi winanso amasungunuka. Mu Sepitembala 2012 ayezi woyandama anatsala masikweya kilomita 3.4 miliyoni, pafupifupi theka la mmene ankakhalira m'zaka za m'ma 1980. Koma ayezi woyandama akasungunuka sakweza nyanja, chifukwa anali kale m'madzimo. Wokweza nyanja ndi wa pamtunda. Wa ku Greenland atasungunuka yense nyanja ingakwere mamita 7, wa ku Antarctica mamita pafupifupi 58, koma zimenezo n'za zaka mazana kapena masauzande. Panopa nyanja ikukwera pafupifupi mamilimita 4 pachaka. Tromsø anamangidwa pachilumba chokwera, ndipo mwana wanu adzamaliza maphunziro ake madzi asanamusowetse mtendere. Mizinda imene ili pachiopsezo chenicheni ndi yotsika ngati Beira, kumene katundu wathu wambiri amadzera. Chimene iye adzachione ndi maso ndi mvula yogwa pakati pa nyengo ya chipale, imene ikuchuluka kuposa kale. Ikaundana imasandutsa misewu galasi, ndipo kwa anthu a mtundu wa Sami, amene amaweta nyama zotchedwa reindeer, ndi tsoka lalikulu, chifukwa nyamazo zimalephera kuswa ayezi kuti zifike pa ndere zimene zimadya. Nsomba nazonso zikusunthira kumpoto madzi akamafunda, ndipo zimenezi adzazipeza m'maphunziro ake omwe.

Poti akukaphunzira zausodzi, mwina adzakwera sitima yofufuzira. Madzi a kumeneko amakhala madigiri ochepa chabe pamwamba pa ziro, ndipo munthu akagweramo manja amafooka m'mphindi zochepa. Amapereka zovala zapadera ndi maphunziro a chitetezo, ndipo awatsatire onse ngakhale amadziwa kusambira. Mapiri a m'dera la Troms, kumene kuli Tromsø, ndi okongola koma chipale chake chimagumuka ndi kukwirira anthu, choncho asakwere mapiri otsetsereka popanda munthu wodziwa, ndipo machenjezo ake amaikidwa pa tsamba la Varsom. Zimbalangondo zoyera zimene mwina mwaziona pazithunzi ku Tromsø kulibe. Zili kuzilumba za Svalbard, pa madigiri 78 kumpoto, kumene dzuwa limasowa kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka pakati pa Febuluwale, ndipo ophunzira opita kumeneko amaphunzitsidwa kaye zodzitetezera.

Inuyo muli ndi gawo lanu. Nthawi ya ku Norway imafanana ndi yathu kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala, ndipo miyezi yotsalayo amatsalira ndi ola limodzi lokha, choncho kuimbirana pa WhatsApp sikudzavuta. Mu Novembala, Disembala ndi Januwale muziimba pafupipafupi. Funso lakuti "kukuzizira?" adzangoyankha kuti ali bwino pofuna kuti musadandaule. Muzimufunsa kuti wagona nthawi yanji, wadya chiyani, lero watuluka panja, sabata ino wacheza ndi ndani. Mukaona kuti kwa masabata awiri kapena kuposerapo akungogona, wasiya kupita m'kalasi, sakudya, akulira kawirikawiri kapena wasiya kuyankha mafoni, mumulimbikitse kuonana ndi dokotala kapena alangizi a ophunzira a payunivesitepo, ndipo musadikire kuti dzuwa libwerere kaye. Akatchula zoti moyo watopa nawo, aimbe 116 117 kapena 113 tsiku lomwelo. Pachifukwa chimenechi, akangokhazikika mumupemphe nambala ya mnzake mmodzi wokhala naye pafupi, kuti tsiku limene foni yake sikuyankhidwa mukhale ndi wina womutuma kukagogoda pachitseko.